Khadi la Chipani Linkayesa Chiyani?

Pali maganizo awiri amene ambiri a ife tinangowalandira osawafunsa. Oyamba ndi akuti munthu amene chipembedzo chake chimamuletsa kuimba nyimbo ya fuko, kuchitira sailuti mbendera kapena kulowa chipani, ndiye kuti dziko lake salikonda, ndipo tsiku lina akhoza kuligulitsa. Achiwiri ndi akuti munthu wopemphera monga mmene ambiri timapempherera, amene amaima njo nyimbo ya fuko ikayamba, amene amalumbira atagwira Baibulo kapena Kurani, ameneyo ndiye mwana weniweni wa dziko. Lero ndikufuna kuonetsa kuti maganizo onse awiriwa ndi olakwika, ndipo umboni wake sitikautenga kutali. Uli m'mbiri yathu yomwe, m'zaka za pakati pa 1964 ndi 1993, pamene Amalawi anzathu zikwizikwi anamenyedwa, kuotcheredwa nyumba ndi kupirikitsidwa m'dziko lawo chifukwa cha kakhadi kokwana m'thumba la malaya.

Amene munali kale akuluakulu masiku amenewo simufunika kufotokozeredwa. Pachipata cha msika pankaima anyamata a Yufi atavala malaya ofiira. Mayi wobwera ndi dengu la tomato ankayamba watula katundu wake, n'kumasula mfundo ya pansonga ya chitenje kuti atulutse khadi la Malawi Congress Party, lopindikapindika ndi thukuta, ndipo anyamatawo akaona kuti ndi la chaka chomwecho m'pamene ankamulola kulowa. Kudepoti ya basi zinali chimodzimodzi, pena ndi pakhomo la chipatala pomwe. M'madera ena mayi ankauzidwa kuti adulire khadi mwana wa kumsana, mwinanso ndi amene ali m'mimba. Kuyambira mu 1966 dziko linali la chipani chimodzi, mu 1971 Dr Hastings Kamuzu Banda anakhala pulezidenti wamuyaya, ndipo mwana aliyense wasukulu ankaloweza ngodya zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Funso limene sitinkaloledwa kufunsa linali lakuti, kukhulupirika kwa yani? Dziko, boma, chipani ndi mtsogoleri ndi zinthu zinayi zosiyana, koma tinaphunzitsidwa kuziona ngati chinthu chimodzi, kotero kuti wokana chimodzi mwa izo ankatengedwa kuti wakana zonse.

A Mboni za Yehova, amene kumudzi ankangowatchula kuti Achitawala, anakana kudula khadi. Chiphunzitso chawo chimati Mkhristu asalowerere ndale za dziko lililonse, asavote, asagwire mfuti, ndipo asapereke kwa mbendera ulemu umene iwo amauona ngati kulambira. Munthu akhoza kutsutsana nacho chiphunzitso chimenechi, ndipo ine pa mfundo zingapo ndimatsutsana nacho. Koma tione bwino zimene anakana ndi zimene sanakane. Sanakane kukhoma msonkho. Sanakane kulima, kutumiza ana kusukulu, kugwira ntchito m'boma ndi m'makampani, kapena kuonekera kukhoti akaitanidwa. Chimene anakana ndi kulembedwa m'kaundula wa chipani. Nkhanza zinayamba chakumayambiriro kwa 1964, pa nthawi yolembetsa mavoti, dziko lisanalandire n'komwe ufulu wodzilamulira. Mu Seputembala 1967 msonkhano waukulu wa chipani ku Mzuzu unapempha boma kuti liletse mpingowu, ndipo mwezi wotsatira unaletsedwadi. Mu Seputembala 1972 msonkhano wina ku Zomba unapitirira pamenepo: unagwirizana kuti a Mboni achotsedwe ntchito m'boma ndi m'makampani, malonda awo afooketsedwe, ndipo a kumidzi athamangitsidwe. Mawu amenewo atangotuluka, ayufi ndi apayoniya a chipani anadziwa kuti chilichonse angachite palibe adzawafunse. Nyumba ndi nkhokwe zinaotchedwa, amayi anagwiriridwa, anthu anaphedwa.

Anthu pafupifupi 20,000 anawolokera ku Zambia n'kukaunjikidwa pamsasa wa Sinda Misale, kufupi ndi malire athu, kumene mazana anafa ndi matenda. Chaka chisanathe anawakweza m'malole kuwabweza kuno, koma atafika m'midzi yawo anafunsidwanso khadi lomwe lija. Ambiri anathawira ku Mozambique, kumene Apwitikizi anawalola kukhala m'misasa. Chipani cha Frelimo chitatenga boma mu 1975 chinafuna kuti aliyense azifuula nawo mawu otamanda chipani, ndipo a Mboni atakana anathamangitsidwa kubwerera ku Malawi. Ulendo umenewu ambiri anamangidwa n'kukatsekeredwa ku Dzaleka m'boma la Dowa, pamalo pomwe lero tikusungirapo othawa kwawo ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Chiletso chinachotsedwa pa 12 Ogasiti 1993, patatha zaka pafupifupi 26. Taonani kuti boma la Banda, lodana ndi chikomyunizimu, ndi boma la Samora Machel ku Mozambique, lotsatira chikomyunizimu, ankasiyana pafupifupi pa zonse, koma pa anthu awa anafanana. Onse awiri ankafuna kuti nzika ionetse ndi pakamwa kapena ndi pepala kuti ndi ya chipani, ndipo onse awiri anakwiya atakumana ndi anthu amene sakanatha kutero.

Tsopano tifunse: kodi khadi lija linkayesa chiyani? Ankati linkayesa kukhulupirika. Koma ganizirani munthu amene akukonzadi chiwembu choukira boma. Iyeyo adula khadi m'mamawa, avala baji ya Kamuzu pachifuwa, ndipo pamsonkhano aimba mokweza kuposa onse, chifukwa kunama sikumuvuta ndipo akufuna asadziwike. Amene mayeso oterewa amamugwira ndi munthu mmodzi yekha, uja amene sangathe kunena ndi pakamwa chimene mtima wake ukukana. Ndiye kuti muyeso umene unaikidwa kuti upeze osakhulupirika unkasankha anthu osanama n'kumawalanga. Mbiri ikuvomereza zimenezi. Pa zaka zonsezo palibe gulu la a Mboni limene linanyamula zida kapena kupangana ndi dziko lina kuti ligwetse boma. Amene anayesadi kuchotsa Banda ndi mfuti, Henry Masauko Chipembere mu 1965 ndi Yatuta Chisiza mu 1967, anali nduna zake zakale, anthu amene anamanga nawo chipanicho, ndipo mkangano wawo unali wa ndale, wosakhudzana ndi chipembedzo. Nanga Albert Muwalo Nqumayo? Anali mmodzi wa anthu amphamvu kwambiri m'chipani m'zaka zimene a Mboni ankasakidwa, anafika pokhala mlembi wamkulu, ndipo boma lomwelo linamunyonga mu 1977 pa mlandu woukira. Kaya mlanduwo unali woona kaya wongomusemera, mfundo ndi imodzimodzi: khadi silinkauza boma chilichonse za mtima wa munthu, ngakhale mtima wa amene ankayang'anira makhadiwo.

Kukayikira anthu chifukwa cha chikhulupiriro sikunayambe ndi boma la Amalawi. Atsamunda ndiwo anatsogola. Elliot Kamwana, amene anabweretsa chiphunzitso cha Watch Tower pakati pa Atonga ku Nkhata Bay mu 1908 n'kubatiza anthu zikwi zingapo m'miyezi yochepa, anagwidwa mu 1909, anakhala zaka zambiri kuchilendo mpaka ku Seychelles, ndipo anamulola kubwerera kwawo mu 1937. John Chilembwe wa Providence Industrial Mission ku Chiradzulu analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times chakumapeto kwa 1914, kudandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo ya Azungu imene sadzapindula nayo kanthu. Mu Januwale 1915 anaukira, anaphedwa, tchalitchi chake ku Mbombwe chinagumulidwa, ndipo kwa zaka zambiri boma linkayang'ana ndi diso lofiira mpingo uliwonse wotsogoleredwa ndi munthu wakuda. M'mabuku a atsamunda Chilembwe anali chigawenga chosakhulupirika kwa mfumu ya ku Britain. Lero nkhope yake ili pa ndalama zathu, ndipo pa 15 Januwale sitipita kuntchito pomukumbukira. Amene amatchula munthu kuti ndi wosakhulupirika nthawi zonse amakhala amene ali pampando, ndipo mpando ukasintha dzinalo limasinthanso. N'chifukwa chake tikamva boma lililonse likunena kuti mpingo wakutiwakuti sukonda dziko, tiziyamba tafunsa ngati likunena za dziko kapena za mpando wake.

Wina angayankhe kuti: zonsezo tamva, koma munthu amene amanena poyera kuti pali wina woposa boma amene iye amamumvera ndi woopsa ndithu, chifukwa tsiku limene awiriwo adzasemphane, dziko lidzatsala lokha. Mfundo imeneyi inagwirapo ndi anthu anzeru omwe. John Locke, Mngelezi amene kalata yake yotchuka yolimbikitsa kulolerana pa chipembedzo inasindikizidwa mu 1689, anasiya magulu awiri kunja: amene chipembedzo chawo chimawaika pansi pa mfumu yakunja, zimene owerenga ake ankamva kuti akunena Akatolika ndi Papa, komanso amene sakhulupirira Mulungu, poti iye ankaganiza kuti lumbiro lawo silingadaliridwe. Akatolika a ku Britain anadikira mpaka 1829 kuti aloledwe kukhala aphungu, ndipo mu 1960 John F. Kennedy anachita kukaima pamaso pa abusa ku Houston kuwatsimikizira kuti akakhala pulezidenti sadzalandira malamulo kuchokera ku Rome. Zimene ankaopazo sizinachitike. Koma yankho lenileni ndi lozama kuposa pamenepo. Munthu aliyense wa chikumbumtima, wopemphera ndi wosapemphera yemwe, ali ndi malire amene boma silingamudutsitse. Msilikali amene angawombere mayi ake chifukwa wauzidwa ndi mkulu wake sitimutcha nzika yabwino. Anyamata amene ankaotcha nkhokwe za anansi awo mu 1972 analibe mbuye wachiwiri pa tsiku limenelo. Ankamvera mmodzi yekha, ndipo n'chifukwa chake panalibe chowabweza. Ku Sande sukulu timaphunzitsa ana nkhani ya Sadrake, Mesake ndi Abedinego, amene ankagwira ntchito mokhulupirika m'boma la Babulo koma anakana kugwadira fano la mfumu, ndipo sindinamvepo mphunzitsi akuwatchula kuti zigawenga.

Umboni waukulu kwambiri unabwera pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, pamene kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi awo m'dziko lonse lino. Kalatayo inatchula zinthu zimene aliyense ankazidziwa koma palibe ankayerekeza kuzinena: kusiyana kwa olemera ndi osauka, malipiro ochepa, mavuto a m'sukulu ndi m'zipatala, kutsekera anthu popanda kuwazenga mlandu, mantha olankhula, komanso mchitidwe womwe uja wotsekereza anthu opanda khadi pamsika, pachipatala ndi padepoti. Boma linati kalatayo ndi youkira, kupezeka nayo kunasanduka mlandu, Arkiepiskopi James Chiona ndi anzake anaitanidwa kupolisi, nyumba yosindikizira mabuku ya a Montfort ku Balaka inayatsidwa moto, ndipo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko. Mawu amene ananenedwa kwa iwo anali omwe aja ankanenedwa kwa a Mboni: akumvera akunja, sakonda dziko, akusokoneza mtendere. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo apa tiyenera kunena chinthu chowawa. Pamene a Mboni ankathamangitsidwa mu 1967 ndi 1972, mipingo ikuluikulu ya m'dziko muno sinaimirire poyera kuwateteza. Ambiri ankawaona ngati anthu ouma mitu, olanda nkhosa za ena, odziputira okha mavuto. Zinatenga zaka makumi awiri kuti mipingo inene mokweza kuti khadi lomwe lija linali litatseka pakamwa pa onse. Lero n'kovuta kupeza Mmalawi amene anganene kuti maepiskopi aja sankakonda dziko lawo. Analikonda pokana kukhala chete, ndipo anatha kukana chifukwa ankakhulupirira kuti pali wamkulu kuposa Ngwazi Banda.

Chotsutsa chachiwiri n'cholimba kuposa choyamba, ndipo sindikufuna kuchipeputsa. Wina anganene kuti maepiskopi ndi a Mboni si amodzi. Maepiskopi anakana kumvera kuti akonze dziko, pamene a Mboni anakana kuti angodzipatula. Pa 14 Juni 1993 anthu ena anaima pamzere padzuwa, mantha a ayufi ali mumtima, kukavota kuti dziko lisiye ulamuliro wa chipani chimodzi, ndipo kuvota kwawoko ndi kumene kunamasula a Mboni, amene chiphunzitso chawo sichiwalola kuvota. Kodi kumeneko si kukolola m'munda umene sunalime? Ndikuvomereza kuti dziko limene aliyense angakane kuvota silingayende, ndipo ine ndimakhulupirira kuti wokhoza kuvota avote. Koma kuvota m'Malawi ndi ufulu, palibe lamulo lokakamiza, ndipo pa chisankho chilichonse anthu ochuluka a mipingo yonse amakhala kunyumba chifukwa cha mphwayi kapena kukhumudwa ndi andale, koma palibe amanena kuti tikawaotchere nyumba. Usilikalinso kuno munthu amalowa mwa kufuna kwake. Wokana chifukwa cha chikumbumtima sangakhale wolakwa kuposa wokana chifukwa cha ulesi. Komanso si zoona kuti a Mboni sanalimepo kanthu. Kwa zaka zonse za chiletso iwo anali umboni wooneka ndi maso wakuti n'zotheka kuuza chipani kuti ayi. Cholinga chawo sichinali cha ndale, koma mazunzo awo anadziwitsa mayiko akunja mmene boma lathu linalili, zaka zambiri ena asanalimbe mtima kulankhula. Gawo 32 la malamulo oyendetsera dziko a 1994, loletsa kukakamiza munthu kukhala membala wa bungwe lililonse, ndi gawo 33, loteteza ufulu wa chikumbumtima ndi chipembedzo, akutiteteza tonsefe ku chinthu chimene iwo anachikana ali okhaokha.

Ena amati tizimvetsa nthawi yake: dziko linali lakhanda, mitundu ndi zigawo zinali zisanagwirane bwino, ndipo mbendera, nyimbo ndi chipani chimodzi ndizo zinkatisunga pamodzi. Iwo angaloze ku Zambia, kumene mu 1964 otsatira a Alice Lenshina a mpingo wa Lumpa anamanga midzi yawoyawo ya malinga ku Chinsali ndi ku Lundazi, n'kumenyana ndi apolisi ndi asilikali mpaka anthu osachepera 700 anafa. N'zoona kuti chipembedzo chikhoza kudzisandutsa boma mkati mwa boma, ndipo mikondo ikatuluka boma lili ndi udindo wochitapo kanthu. Koma ngakhale kumeneko mkangano unakula chifukwa cha makhadi a chipani cha UNIP amene a Lumpa ankakana, ndi kuotcherana nyumba ndi matchalitchi kumene kunatsatira. Kukakamiza chizindikiro cha umodzi kunathandiza kubala magazi amene ankati akufuna kuwapewa. Mayiko ena anaphunzira zimenezi kudzera m'makhoti. Ku America, mu 1940, khoti lalikulu kwambiri linagamula pa mlandu wa Gobitis kuti sukulu ikhoza kuchotsa ana a Mboni okana kuchitira sailuti mbendera, ndipo chigamulocho chitangotuluka a Mboni anamenyedwa m'matauni ambiri. Patangopita zaka zitatu, pa 14 Juni 1943, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, khoti lomwelo linasintha maganizo pa mlandu wa Barnette, ndipo woweruza Robert Jackson anafotokoza kuti wa udindo aliyense, wamkulu kapena wamng'ono, alibe mphamvu yolamula nzika zoti zikhulupirire kapena yozikakamiza kuvomereza ndi pakamwa. America sinagonje pankhondo chifukwa cha ana amenewo. Ku India mu 1986 khoti lalikulu linabwezera kusukulu ana atatu a ku Kerala amene ankaimirira mwaulemu nyimbo ya fuko ikamaimbidwa koma osaimba nawo. Khoti la ku Zambia, pa mlandu wa Kachasu mu 1967, linagamula mosiyana, ndipo ana ambiri a Mboni anataya sukulu. Sindikuona chimene Zambia inapindula pokhala ndi ana osaphunzira amenewo.

Kodi ndiye kuti chilichonse chimene munthu wachitcha chikhulupiriro boma lizichisiya? Ayi ndithu, ndipo malire ake si ovuta kuwaona monga mmene ena amanenera. Funso n'lakuti, kodi pali amene akupwetekedwa? Chikuku chitabuka kuno mu 2010, m'mipingo ina makolo anakana kuti ana awo abayidwe katemera. Pamenepo boma linali ndi chifukwa chomveka cholowererapo, pakuti mwana si katundu wa kholo lake, ndipo matenda sathera pakhomo la wokanayo. N'chimodzimodzi pamene mwana wa a Mboni akufunika kuikidwa magazi kuti akhale ndi moyo: ndimakhulupirira kuti khoti liyenera kuteteza mwanayo, ngakhale makolo ake akane mochokera pansi pa mtima. Mpingo wokwatitsa ana aang'ono, wobisa munthu wogwiririra, kapena wosonkhanitsa zida uyankhe mlandu monga wina aliyense. Koma pa milandu yonseyi boma likuweruza zochita, ndipo pali wovulala amene tingamuloze ndi chala. Mwana amene waima chete pamzere anzake akuimba sanavulaze munthu. Mlimi amene sanadule khadi sanachepetse chimanga cha mnzake. Boma likasiya kufunsa kuti wachita chiyani n'kuyamba kufunsa kuti mumtima mwako muli chiyani, lafunsa funso limene silingapeze yankho lake popanda chikwapu, ndipo ambiri amene amayankha chifukwa cha chikwapu amakhala akunama.

Tibwere ku maganizo achiwiri aja, amene amatikomera chifukwa amatiyamikira. Timakonda kunena kuti Malawi ndi dziko loopa Mulungu. Nyimbo yathu ya fuko ndi pemphero, misonkhano ya boma imayamba ndi pemphero, ndipo pa kalembera wa 2018 anthu 2 okha pa 100 alionse ndi amene anati alibe chipembedzo. Kupemphera kukanakhala chitsimikizo cha kukonda dziko, bwenzi chuma cha boma lathu chili chotetezeka kuposa cha mayiko ambiri. Koma mu 2013 tinamva kuti mabiliyoni a makwacha atuluka ku Capital Hill kulipira makampani amene sanagulitse boma kanthu kalikonse, ndalama zikupezeka m'mabuti a galimoto ndi m'nyumba za ogwira ntchito m'boma, uku zipatala zikusowa mankhwala. M'dziko limene pafupifupi aliyense ali ndi mpingo kapena mzikiti, n'zosatheka kuti akuba onsewo anali osapemphera. Pa muyeso wa zizindikiro akanakhoza bwino lomwe. Kuba ndalama za mankhwala ndiko kupereka dziko kwenikweni, chifukwa pali mayi amene amafera pobereka ndi zimenezo. Frederick Chiluba analengeza mu Disembala 1991 kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, koma katangale sanathe ndi chilengezocho. Ku Rwanda mu 1994, dziko la Akhristu ochuluka zedi, anthu anaphedwa ndi anansi awo m'matchalitchi momwe, ku Nyamata ndi ku Ntarama. Sindikunena kuti chipembedzo chimabala kuba kapena kupha. Maepiskopi a 1992 atisonyeza kale zimene chikhulupiriro chingachite. Ndikunena kuti dzina la mpingo wa munthu silitiuza ngati adzasamala ndalama za msonkho kapena moyo wa mnansi wake. Locke analakwanso pa osakhulupirira aja: kalaliki wosapemphera amene amabweza chenji cha boma ndi wodalirika kuposa mkulu wa mpingo amene amasaina malisiti abodza.

Chimene chimandidetsa nkhawa lero n'chakuti kukayikira kuja sikunafe, kunangopeza anthu ena. Bakili Muluzi, Msilamu, atakhala pulezidenti mu 1994, mphekesera zinafala zakuti akufuna kusandutsa dziko lonse kukhala lachisilamu ndi ndalama za Aluya, ndipo zotsatira za chisankho cha 1999 zitalengezedwa mizikiti inaotchedwa m'chigawo cha kumpoto. Anthu amene ankapemphera m'mizikiti imeneyo analangidwa chifukwa chipembedzo chawo chinatengedwa ngati khadi la chipani. Muluzi analamula zaka khumi n'kuchoka, dziko silinasanduke lachisilamu, ndipo zimene anthu amamudzudzula nazo ndi za ndale ndi za chuma, zofanana ndi zimene amadzudzula nazo atsogoleri achikhristu. Asilamu ndi pafupifupi 14 pa Amalawi 100 alionse, ndipo Chisilamu chinafika ku Nkhotakota ndi pakati pa Ayao Angelezi asanalengeze ulamuliro wawo kuno mu 1891. Kunena kuti mtima wa Msilamu uli ku Mecca n'chimodzimodzi kunena kuti mtima wa Mkatolika uli ku Rome, kapena kuti wa Mkhristu wa sinodi ya Blantyre kapena ya Livingstonia uli ku Scotland, kumene Kamuzu mwini wakeyo anali mkulu wa mpingo. Kupatula chipembedzo cha makolo, cha ku Khulubvi ndi cha kudambwe, zipembedzo zathu zikuluzikulu zinachokera kunja ndipo zili ndi abale kunja. Tikati kukhala ndi abale achipembedzo kutsidya kwa nyanja ndi umboni wa kusakhulupirika, otsala osakayikiridwa adzakhala owerengeka.

Malamulo athu tsopano ali bwino, koma malamulo sadziyendetsa okha. Amadutsa m'manja mwa mphunzitsi wamkulu, mfumu ya m'mudzi, wapampando wa msika ndi wolemba anthu ntchito. Mu 2023 khoti lalikulu ku Zomba linachita kulamula kuti ana a Chirasta aziloledwa m'sukulu za boma ndi tsitsi lawo, gawo 33 litakhala m'buku zaka pafupifupi 30. Choncho pempho langa likupita kwa inu amene muli ndi maudindo ang'onoang'ono amenewa, chifukwa zimene zinagwirizanidwa ku Zomba mu 1972 sizikanatheka popanda apampando a nthambi ndi mafumu amene analoza nyumba zoyenera kuotchedwa. Mphunzitsi wamkulu akapeza mwana amene sakuimba nyimbo ya fuko, aone ngati mwanayo akunyoza, akuchita phokoso kapena akusokoneza anzake. Ngati wangoima mwaulemu, palibe mlandu, alowe m'kalasi. Mfumu ikamalemba mayina a olandira chimanga cha chithandizo kapena feteleza wotsika mtengo, isafunse kuti banjalo limapemphera kuti, linavota, kapena linabwera kumsonkhano wa chipani, koma ione ngati lili ndi njala. Koma pempho lalikulu ndi la inu abusa, ansembe ndi mashehe, chifukwa mawu anu amamveka kumene a mphunzitsi samveka. Mukamva kuti kagulu kena kakunenedwa kuti sikakonda dziko, kangakhale kamene chiphunzitso chake mumachiona kuti n'chosochera, kangakhale kamene kanakutengerani nkhosa, funsani poyera kuti kaphwanya lamulo liti ndipo kavulaza yani. Mufunse sabata yomweyo, kalata yokaletsa isanasainidwe.